Moto wolipiriratu: mfundo za pakhonde ku Beatrice

Loweruka lina madzulo tidali pakhonde pa azakhali anga ku Beatrice, katawuni ka pamsewu wochoka ku Harare kupita ku Masvingo, makilomita opitirira pang'ono 50 kuchokera mumzinda waukuluwo. Magalimoto a katundu opita ku Beitbridge ankagwedeza nthaka, poto wa nyemba ali pa silinda ya gasi pakona. Foni idalira. Adali mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, amene akusamalira nkhalamba ku England.

Dandaulo lake lidali la gasi. Nyumba imene akuchita lendi adaipeza ili ndi mita yolipiriratu: amapita kusitolo kukathira ndalama pa khadi, ndipo zikatha moto wazima, nyumba yazizira, kaya ndi pakati pa usiku. Adapempha kampani kuti imuikire mita ya bilu, yoti azilipira mwezi ukatha. Adamuyankha kuti ayamba afufuza mbiri yake ya ngongole, ndipo atafufuza adapezamo banga. Chaka chake choyamba kumeneko ntchito idamuthera kwa miyezi itatu, ngongole ya foni n'kumukanika. Tsono adamuuza kuti apereke chikole, apo ayi adikire.

Azakhali adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adati: "Mwanangu, ndiye kuti nakonso sakupatsa moto asanaone ndalama?" Adatero akuyang'ana silinda yawo ija, imene m'mawa wa tsikulo adakathiritsa gasi wa madola awiri. Funso lawolo lakhala likunditsata, ndipo izi ndi zomwe ndasinkhasinkha.

1. Mita yolipiriratu imayankha funso lakuti: kodi tingakukhulupirire?

Wolipira mwezi ukatha ndiye kuti wakongozedwa. Waphikira, wasambira, wawothera, kampani ili chidikirire. Wolipiriratu palibe amamudikira. Mawaya ndi mapaipi ndi amodzimodzi, kusiyana kuli pomwepa basi.

Ku Zimbabwe kukhulupirirana kumeneku kudasweka dziko lonse nthawi imodzi. Mu 2008 ndalama ya dziko idasanduka mapepala wamba, mu 2009 anthu adayamba kugula ndi dola ya ku America, ndipo mabilu a magetsi, ambiri ongoganizira popanda wobwera kudzawerenga mita, adaunjikana m'makomo. Kuyambira mu 2012 ZETDC, nthambi yogawa magetsi ya kampani ya boma ya ZESA, idayamba kuika mamita olipiriratu m'nyumba za anthu. Lero mphunzitsi, wapolisi ndi wogulitsa tomato onse amagula tokeni ya manambala 20 n'kuilowetsa pa mita, monga amachitira abale athu ndi mayunitsi a ESCOM ku Malawi. N'chifukwa chake kuno palibe amachita manyazi ndi mita yotere.

Ku Britain n'kosiyana. Mita yolipiriratu imapezeka kwambiri m'nyumba za opeza zochepa ndi za amene adagwapo m'ngongole. Mu February 2023 nyuzipepala ya The Times idaulula kuti otolera ngongole otumidwa ndi British Gas ankalowa m'nyumba za eni ndi chilolezo cha khoti, n'kuika mamitawa mokakamiza ngakhale mmene muli ana ang'ono ndi odwala. Bungwe loyang'anira makampaniwa la Ofgem lidaimitsa mchitidwewo, ndipo malamulo adakhwimitsidwa. Choncho msuweni wanga kuzizira kunkamuwawa ndithu, koma kunkamuwawa kwambiri kuuzidwa kuti mawu ake sakwanira. Ndidamuuza, ndipo ndikubwereza pano: banga la m'kaundula limanena za miyezi itatu imene adavutika, silidziwa kanthu za zaka zimene wakhala akutumizira mayi ake ndalama osaphonya mwezi.

2. Wosauka amagula moto modula.

Kaimeni m'mawa pamalo othirira gasi m'mbali mwa msewu. Pali kakhola ka waya, masilinda aataliatali mkati, sikelo pansi. Mwana akubwera atakumbatira kasilinda ka makilogalamu atatu, ndalama ili m'nkhonya: "Amayi akuti wa dola." Wogulitsa aika pa sikelo, amanga paipi, gasi alira kanthawi kochepa, basi watha. Pomasula paipi kampweya kathawa, fungo n'kumveka. Mwanayo abweranso mkuja.

Gasiyu adafala m'makomo mu 2019, pamene madzi adachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba ndipo magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, n'kudzafalanso madziwo atatsikanso kumapeto kwa 2022. Nkhuni nazo zikuchepa, poti mitengo yambiri yathera m'mabalani owotchera fodya. Koma wogula wa dola amataya pang'ono pa kumasula kulikonse, amataya pa sikelo ikanama, ndipo ngati akuchokera kufamu ya kutali amatayanso pa ndalama ya kombi. Wodzaza silinda ya makilogalamu 9 kamodzi zonsezi zimamupita patali.

Magetsi nawo ali ndi msampha umene ambiri sauona. Mtengo wa ZETDC wa m'nyumba umakwera mwa masitepe: mayunitsi 50 oyamba m'mwezi ndi otsika mtengo, otsatira amadulirapo, mpaka pamwamba. Banja limodzi lokhala ndi mita yakeyake limadya masitepe otsikawo lokha. Koma m'komboni mmene mabanja asanu amakoka waya pa mita imodzi, mayunitsi otchipa amatha sabata yoyamba isanathe, ndipo mwezi wonse anthu osauka kwambiri amagula pa mtengo wa eni magizala ndi mafiriji aakulu. Pa kugula kulikonse amadulaponso 6 pa 100 ya thumba lofikitsa magetsi kumidzi, chikhalirecho makomboni ena mpaka lero akuunikira kandulo. Ku England msuweni wanga adapezanso zake: mita imawerenga ndalama ya tsiku ndi tsiku ngakhale sadayatse gasi, moti akathira pa khadi nyengo yotentha itatha, gawo limayamba lapita ku masiku amene sadaphike n'komwe.

Tsono musamanene msanga kuti wosauka sadziwa kusunga ndalama. Werengani kaye zimene amalipira pa moto womwewo. Ndipo inu ogula, dziwani kulemera kwa silinda yanu ili yopanda kanthu, kudalembedwa pachitsulo pomwepo, muziyang'ana sikelo ndi maso anu.

3. Mbiri yabwino yosalembedwa m'dzina lako imapita ndi mwini buku.

Mfundo iyi ndi imene imandikhudza koposa, chifukwa ndi mbiri ya banja lathu.

Agogo anga aamuna adachoka ku Dedza m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Adabwera kudzera kwa olemba anthu ntchito amene kwathu ankawatcha Mthandizi, adadutsa ku Tete, n'kuwoloka Zambezi. Pofika ku Beatrice, mgodi wa golide umene udapatsa malowa dzina udali utatsekedwa kale mu 1945, ndipo ntchito idali m'mafamu a fodya ndi a ng'ombe za mkaka m'mbali mwa mtsinje wa Mupfure. Ankagwira ya tikiti: masiku 30 akadindidwa, malipiro. Ankalandira phoso, ufa, nyemba ndi mchere. Zina zonse, shuga, sopo, palafini, nsalu ya agogo aakazi, ankatenga pangongole kusitolo ya pafamu, kalaliki n'kulemba m'buku, mwezi ukatha n'kudula pa malipiro.

Ndimalikumbuka bukulo. Lidali lachikuto chakuda, m'mbali mofiira, masamba atapindika ndi thukuta la zala. Ndili mwana ankandituma ndi botolo la palafini, ndipo kalaliki sankafunsa kanthu, ankangotsegula tsamba la agogo. Zaka pafupifupi 40 tsamba lawo linkatsekedwa mwezi ndi mwezi. Munthu wotere, akadakhala m'tawuni ndi akaunti ya kubanki, akadakongola nyumba.

Mu 2000 mafamu atayamba kulandidwa, sitolo idatsekedwa ndipo buku lidasowa. Za chilungamo cha kugawa malo ndi nkhani ya tsiku lina, ine ndikunena za chimene chidagwera antchito. Ambiri adataya ntchito ndi nyumba, ndipo ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia adalibe mudzi wothawirako. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa, ndipo ana obadwira konkuno kwa makolo akunja adapezeka akuwerengedwa ngati alendo, zitupa zawo zili ndi chizindikiro cha mlendo, ambiri n'kulephera kuvota. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'dziko la SADC, koma kuti chitupa chisinthidwe pamafunika kalata ya kubadwa, ndipo ana ambiri a m'komboni adabadwira m'nyumba, osalembetsedwa paliponse. Atichitira chipongwe ndi mayina, mabhurandaya, mabwidi, koma chipongwe chachikulu chidali kusowa m'mabuku onse.

Mu 2017 Reserve Bank of Zimbabwe idatsegula kaundula wa ngongole, mmene mabanki amaona yemwe amabweza ndi yemwe sabweza. Ku Malawi lamulo la mabungwe osunga mbiri ya ngongole lidakhazikitsidwa mu 2010. Makaundulawa ali ndi phindu lake, koma wosapezekamo amamuona pafupifupi ngati wothawa ngongole. Azakhali anga, amene sadadyepo tambala ya munthu, kaundula sawadziwa.

Ndiye ndikupempha anzanga a m'makomboni, inu adzukulu a matchona: kalembetseni ana kalata ya kubadwa lero, ngakhale mzere utalike bwanji. Sinthitsani chitupa. Laini ya foni ikhale m'dzina lanu, akaunti ya ndalama za pafoni ya EcoCash m'dzina lanu, mita m'dzina lanu ngati n'kotheka. Malisiti muziwasunga m'chitini chouma. Kukhulupirika kwanu kusakhalenso m'buku la munthu wina.

4. Funsa za ngongole ya mita usanatsitse katundu.

Achimwene anga adapeza nyumba ya lendi ku Chitungwiza, eni nyumba osawauza kuti akaunti ya magetsi ili ndi ngongole yakale. Tokeni iliyonse inkabwera ndi mayunitsi ochepa, poti gawo la ndalama linkapita kukabweza ngongole ya munthu amene sadamuonepo. Adazindikira patatha miyezi inayi, atawerenga lisiti mzere ndi mzere. Safunsa adadya phula. Gulani tokeni yaing'ono eni nyumba ali pompo, muone zomwe zadulidwa. Ku England n'chimodzimodzi: tsiku lolowa m'nyumba dziwitsani kampani, jambulani mita, ndipo musagwiritse ntchito khadi la amene adatuluka.

5. Usanachoke pa mita yolipiriratu, yamba wadziyeza wekha.

Pano ndidasiyana maganizo ndi msuweni wanga. Iye ankafuna mita ya bilu mawa lomwe. Ndidamufunsa kuti, "Asuweni, maola anu a ntchito amafanana mwezi uliwonse?" Adakhala chete, kenaka adati ayi, mwezi wina amachuluka, wina amachepa.

Walira mvula walira matope. Mita ya bilu sizima pakati pa usiku, zoona, koma imakulola kudya zimene sudapeze. Ife a kumafamu tikudziwa bwino mmene ndalama imayendera: imabwera misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu March, imabwera nthawi yokolola ndi yosankha fodya, kenaka imasowa, munthu n'kumadalira maganyu, amene anzathu a Chishona amati maricho. Bilu sidziwa nyengo. Ikafika ndalama kulibe, munthu amathamangira kwa akatapila, kuno amati chimbadzo, ndipo chiwongoladzanja chake chimadya mbuzi ndi njinga. Mita yolipiriratu, ndi nkhanza zake zonse, sidapititsepo munthu kwa akatapila chifukwa cha moto umene adawotha kale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tidagwirizana zoti adziyese miyezi itatu. Tsiku lolandira malipiro aziika padera ndalama yofanana ndi bilu ya nyengo yozizira, osaikhudza, uku akuthirabe pa khadi monga mwa masiku onse. Ikakhala yosakhudzidwa miyezi itatu, ndiye kuti bilu aikwanitsa, ndipo ndalama yomweyo ikhala chikole chimene kampani ikufuna. Akaikhudza, ndiye kuti mita imene akudana nayo ikumuteteza pakadali pano. Ndidamukumbutsanso kuti makampani a kumeneko safanana pofufuza mbiri, wina akakana wina amalola, ndipo wa mita yolipiriratu amaloledwa kusamukira ku kampani ina ngakhale ali ndi ngongole, bola isapitirire mapaundi 500 pa gasi kapena pa magetsi.

6. Banga la ngongole limafufutika ukaonekera kwa amene adakukongoza.

Ku Britain ngongole yolephereka imakhala m'kaundula zaka 6, koma yolipidwa imalembedwa kuti idalipidwa, ndipo woiona amasiyanitsa. Msuweni wanga ankaopa kutsegula makalata a kampani ya foni, adangowaunjika m'kabati. Azakhali ndi amene adamudzudzula, ndipo adamuuza nkhani yawo.

Amuna awo atamwalira, anthu adachuluka pamaliro ndipo nkhuni zidali zonyowa ndi mvula. Mayi wina wogulitsa gasi adawadzazira silinda osalandira kanthu. Patapita sabata ziwiri azakhali adalibe ndalama yonse, koma adavala chitenje chawo n'kupita ndi dola imodzi. "Amayi, ndabwera kuti mundione. Yotsalayo ndizibweretsa pang'onopang'ono." Adapita maulendo asanu ndi awiri. Lero mayi uja amawathirira gasi ngakhale atume mwana wopanda ndalama.

Makolo athu adakhala ndi moyo m'dziko lino chifukwa cha kukhulupirirana kotere. Adayambitsa mabungwe a maliro kuti mnzawo asaikidwe ngati chinyama kutali ndi kwawo. Adamanga mizikiti ndi matchalitchi, mpaka CCAP kukhala ndi sinodi yake ya Harare. Amayi adasonkha chipereganyu, chimene kuno chimatchedwa mukando. M'magulu amenewa aliyense amadziwa wobweza ndi wozemba popanda kompyuta. Ndipo mfundoyi ili ndi mbali yachiwiri, ya inu amene muli ndi sitolo, chigayo kapena khola la gasi: munthu amene adalepherapo kamodzi n'kubwera yekha kudzaonekera, mpatseninso mpata. Mukamutsekera khomo mpaka kalekale mukumupereka kwa akatapila ndi manja anu.

7. Gasi alibe utsi, ndiye muziyendera anzanu.

Kale m'komboni moto sunkagulidwa. Wako ukazima unkatuma mwana ndi phale kukapala kwa a pafupi, ndipo palibe ankawerengera makala. Kudalinso china chimene tidachitaya osazindikira. Dzuwa likapendeka, mayi aliyense ankaona utsi wa nyumba zonse. Khomo limene silidafuke utsi linkadziwika, ndipo mbale ya nsima inkapita kumeneko mwakachetechete, yovundikira, ngati kuti ndi yongolawitsa.

Gasi sapalidwa pa phale, ndipo safuka utsi. Nyumba imene silinda yatha imaoneka chimodzimodzi ndi imene aphika nyama. Mita yolipiriratu ikafika pa ziro palibe wantchito wa kampani amabwera kudzadula waya anthu akuona, banja limangokhala mumdima lokha, ndipo m'mabuku a kampani mulibe ngongole, mulibe dandaulo. Ku Britain mabungwe othandiza anthu akhala akudandaula za mabanja amene amakhala masiku osayatsa moto chifukwa cha kusowa kothira pa khadi. Msuweni wanga adavomera kuti zidamuchitikirapo kawiri, adagona atavala jekete la kuntchito, ndipo sadauze aliyense, ngakhale mnzake wa ku Mzimba amene amapemphera naye, wokhala nyumba yachitatu kuchokera pa yake.

Azakhali atamva zimenezo mawu adawanjenjemera. "Mwanangu, kodi ndidakulera kuti uzifa ndi chisanu mnzako ali pafupi? Ukagogode. Nayenso tsiku lina adzagogoda kwa iwe."

Foni itadulidwa adakhala kanthawi osayankhula. Kenaka adavundukula nyemba, adalawa msuzi, n'kuitana mdzukulu wawo amene ankasewera mpira wa mapepala pabwalo. "Iwe, thamanga kwa agogo ako a kuseri kwa chigayo. Kuyambira dzulo sindidamve poto kulira kumeneko. Ukawauze kuti abweretse ufa wawo adzaphikire kuno, gasi alipo wokwanira mapoto awiri." Mwana adathamanga, ndipo azakhali adatsitsa moto pang'ono, n'kuyamba kutsuka mthiko wachiwiri.